Moto wa m'nkhalango ya miombo: tenthani mu Meyi, osati mu Okutobala

Aliyense amene anadutsapo m'nkhalango ya Dzalanyama kumayambiriro kwa Seputembala anaona chodabwitsa ichi: nthaka ili gwa, udzu wonse wauma, mvula idakali kutali ndi miyezi iwiri, koma mitengo ya mombo, tsamba ndi mchenga yavala kale masamba atsopano ofiirira, ofewa ngati nsalu yonyowa. Mitengoyi siyembekeza mvula. Imatenga chakudya chimene inasunga m'mizu ndi m'thunthu m'dzinja lapitalo, n'kukoka madzi pansi patali, kuti pamene mvula yoyamba ikugwa masamba akhale atakhwima kale ndipo ayambe ntchito tsiku lomwelo. Casey Ryan wa ku yunivesite ya Edinburgh ndi anzake anasonyeza mu 2017, pogwiritsa ntchito zithunzi za m'mlengalenga, kuti kuphukira kwa masamba mvula isanagwe kumachitika pafupifupi m'chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa kumene kuli nkhalango zotere. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nthawi imene mtengo watsanulira chuma chake chonse m'masamba anthete ndi yomweyonso imene ife timakonda kuyatsa tchire, ndipo malangizo anga kwa inu mafumu, makomiti a zachilengedwe a m'midzi ndi alimi nonse okhala m'mbali mwa nkhalango akuchokera pamenepa.

Tsamba lililonse lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, makamaka kunsi kwake. Mtengo ukatsegula timabowoti kuti ulowetse mpweya wa kaboni, umene ambiri timangoutchula kuti mpweya woipa, madzi amathawira pomwepo ngati nthunzi, ndipo pa mlingo umodzi wa mpweya wolowa pamatuluka milingo ya madzi mazana angapo. Choncho mtengo umagula kaboni ndi madzi. Kaboniyo ndi amene amasanduka thunthu, nthambi ndi mizu, moti pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni. Usana ndi usiku mizu, tizilombo ta m'nthaka ndi masamba owola zimabweza mpweya womwewo m'mlengalenga. Nkhalango imakula pokhapokha cholowa chikaposa chotuluka.

Kusinthana kumeneku anakuyeza m'nkhalango ya miombo ya Kataba, pafupi ndi Mongu kumadzulo kwa Zambia. Kumeneko kunamangidwa nsanja yachitsulo yopitirira mitengo, yotalika pafupifupi mamita 30, ndipo pamwamba pake anaikapo makina oyeza mphepo ndi mpweya kakhumi kapena kuposerapo pa sekondi iliyonse, njira imene akatswiri amaitcha eddy covariance. Kamphepo kalikonse kokwera kapena kotsika kamayezedwa kuti kanyamula kaboni ndi nthunzi zochuluka bwanji, ndipo akaphatikiza miyezi yonse amadziwa ngati nkhalango yalandira kapena yataya. Werner Kutsch, Lutz Merbold ndi anzawo anafalitsa zotsatira zake mu 2011. Pa zaka ziwiri zimene anayeza, nkhalango yotetezedwayo inangotsala pang'ono kufananitsa cholowa ndi chotuluka chaka choyamba, ndipo chaka chachiwiri inataya kaboni. Anapezanso kuti m'kati mwa nkhalangomo mitengo inkalemera pafupifupi matani 150 pa hekitala, pamene kunja kwa malire, kumene anthu anadula mitengo yootchera makala, kunatsala matani 24 okha.

Phunziro limene ine ndimatengapo ndi lakuti nkhalango yokhwima ili ngati nkhokwe yodzaza, imene siwonjezeka kwambiri chaka ndi chaka koma ikaphwasuka imatenga nthawi yaitali kuti idzadzenso. Ku Nhambita, pafupi ndi Gorongosa ku Mozambique, Mathew Williams ndi anzake anapeza mu 2008 kuti minda yosiyidwa imabwezeretsa kaboni m'mitengo pa mlingo wa matani 0.7 okha pa hekitala pa chaka, ndipo pamapita zaka 20 mpaka 30 kuti ifanane ndi nkhalango yoyandikana nayo. Ngakhale zitatero, mitengo yeniyeni ya miombo inali isanabwerere m'malo amenewo. Kafukufuku wina wa m'dera lomwelo anapeza kuti pa matani 110 a kaboni pa hekitala, matani 76 anali m'nthaka ya pamwamba yozama theka la mita. Gawo lalikulu la chumachi timaliponda ndi mapazi, ndipo chimene chimalidyetsa ndi masamba ogwa amene moto wolusa umanyeketsa chaka chilichonse.

Nanga n'chifukwa chiyani sindikunena kuti moto uletsedwe kotheratu? Chifukwa tonse tikudziwa mmene zimathera. Komiti imateteza nkhalango zaka zitatu, udzu wa tsekera umaunjikana mpaka kupitirira munthu, kenaka tsiku lina mu Okutobala mnyamata wosaka mbewa kapena mlenje amayatsa kamoto kumalire, mphepo n'kukanyamula, ndipo ntchito yonse imathera m'maola awiri. Funso limeneli linayesedwa kale ku Ndola, kumene kuyambira mu 1933 anagawa nkhalango m'zigawo: kwina ankatentha kumayambiriro kwa chilimwe chaka chilichonse, kwina kumapeto kwake, kwina sankatentha konse. Colin Trapnell atalemba zotsatira mu 1959, zinaoneka kuti kumene ankatentha mochedwa mitengo ya miombo inatha n'kutsala mitengo yochepa yopirira moto monga mlombwa, pamene kumene ankatentha mofulumira nkhalango inakhalabe ndi denga lake, pafupifupi mofanana ndi kumene sikunkapita moto. Moto ndi umodzi, koma mwezi ndi umene unasiyanitsa.

Kutentha mofulumira kumafuna diso, osati kalendala yokha. Kumadera ambiri a m'chigawo chapakati nthawi yake imagwa pakati pa Meyi ndi Juni, koma kumalo otentha monga kuchigwa cha Shire udzu umauma msanga, pamene kumapiri ndi m'madambo umachedwa. Lowani m'tchiremo, gwirani udzu wodzaza dzanja n'kuupinda. Ngati nsonga zauma koma kutsinde kudakali kobiriwira, ndipo udzuwo ukupindika osathyoka, nthawi yakwana. Ngati ukuthyoka n'kulira, ndipo masamba apansi akufumbutuka mukawaponda, mwachedwa, ndipo chaka chimenecho dalirani njira zotchinga moto ndi ulonda basi.

Musanayatse, lambulani njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango yonse, yotambalala mamita osachepera anayi, ndipo kumbali kumene kumachokera mphepo ya mwera kapena kumene kuli udzu wautali muiwonjezere. Udzu wolambulidwawo musauunjike m'mphepete mwa njira, chifukwa muluwo ukagwira moto umaponya zikanga kutsidya. Lolani amayi ayambe amweta udzu wofolera, pakuti mtolo uliwonse wotuluka m'nkhalango ukuchepetsa chakudya cha moto. Dziwitsani amfumu ndi eni minda yoyandikana, makamaka amene chimanga chidakali pamikukwe, ndipo ngati malowo ndi nkhalango ya boma musayatse popanda chilolezo cha a zankhalango, monga lamulo la zankhalango la 1997 likunenera.

Tsiku lotentha likhale lopanda mphepo yamphamvu, ndipo muyatse chakumadzulo dzuwa litapendeka, kuti kuzizira ndi mame a usiku zikuthandizeni kuzimitsa. Yambirani kumbali kumene mphepo ikupita, kuti moto uziyenda mobwerera, molimbana ndi mphepoyo, ndipo pamalo otsetsereka yambirani kumtunda kuti uzitsika, chifukwa moto wokwera phiri umathamanga koopsa. Pakhale anthu okwanira okhala ndi nthambi zaziwisi, makasu ndi madzi. Moto wabwino umafika m'mawondo, umatulutsa utsi woyera, umayenda mwakuti munthu wachikulire angathe kuutsatira osathamanga, ndipo umazima wokha ukafika pamthunzi kapena paudzu wauwisi. M'mawa mwake lupsa lizioneka la mawangamawanga, pena pakuda pena posapsa, ndipo mukafukula phulusa ndi chala mupeze masamba ofolera nthaka adakalipo. Anthu ena amaona ngati ntchito yalephereka akaona zigamba zosapsa, n'kubwerera kukayatsanso. Musatero, chifukwa zigambazo ndi zimene tikufuna: zimadula njira ya moto wa m'tsogolo, ndiponso ndi mothawira tinyama ndi tizilombo.

Pali malo ena amene sayenera kuona moto ngakhale wa mu Meyi. Awa ndi malo amene mitengo inadulidwa posachedwa ndipo zitsa zikuphukira. Emmanuel Chidumayo, katswiri wa ku Zambia amene wafufuza za miombo kwa zaka zambiri, anasonyeza kuti nkhalangozi zimabwerera makamaka kudzera m'mphukira za pazitsa ndi m'timitengo takale timene tinali titabisala mu udzu, osati kwenikweni m'mbewu zongomera kumene. Chitsa chili kale ndi mizu yozama imene imafika pamadzi m'chilimwe, chinthu chimene mbande ya m'chubu imatenga zaka kuti ikhale nacho. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona mudzi ukudzala mbande mazanamazana pakati pa 15 Disembala ndi 15 Epulo, nyengo yathu yodzala mitengo, kenaka n'kulekerera moto kupsereza mphukira masauzande zimene zinadza zokha popanda kuthirira. Pamalo otere palirani udzu kuzungulira chitsa chilichonse, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka zochokera m'munsi mwa chitsa, dulani zotsalazo ndi chikwanje chakuthwa mopendeketsa kuti madzi asakhazikike pabala, ndipo tetezani malowo ku moto ndi mbuzi mpaka mitengo itapitirira msinkhu wa munthu wokweza dzanja. Ikafika pamenepo nsonga zake zili pamwamba pa malawi a moto wozizira, ndipo mukhoza kuyamba kutentha mofulumira.

Za madzi ndinene zoona zake, chifukwa nthawi zina timalonjeza zopitirira. Mitengo imamwa madzi ambiri, ndipo nkhalango si thanki yosungira. Phindu lake lili pa njira imene mvula imadzera ikagwa. Pansi pa miombo yosapsa kwambiri dontho limagwera pamasamba owola, n'kulowa pang'onopang'ono m'mauna a chiswe ndi m'njira za mizu, ndipo ena mwa madziwo amakatulukira m'dambo ndi m'chitsime miyezi ingapo pambuyo pake. Palupsa la mu Okutobala dontho lomwelo limamenya nthaka yambee, limatseka timipata take, ndipo madzi amathamanga ndi phulusa ndi dothi kukakumba zigwembe. Bowa wa manyame amene timazula mu Januwale amakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo ya miombo, choncho mitengoyo ikatha iyenso amatha.

Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030, ndipo masiku ano kukumveka zambiri za ndalama za kaboni, zimene anthu amalipidwa chifukwa chosunga kaboni m'nkhalango. Langizo langa ndi lakuti musadikire ndalamazo kuti muyambe, komanso musasaine pangano lililonse lokhudza nkhalango ya mudzi musanafunse ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu. Chimene mungachite chaka chino ndi kugula kope limodzi la komiti. Lembanimo tsiku limene munalambula, tsiku limene munatentha, ndi chigawo chimene chinapsa. Sankhani mitengo 20, muipake penti pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, ndipo chaka chilichonse mvula ya chizimalupsa ikagwa muziyeza kuzungulira kwa thunthu pa chizindikiro chomwecho ndi tepi ya telala, n'kulemba manambalawo pafupi ndi a chaka chatha.