Mmene mungatsatire zotsatira za CA-125 pa khansa ya m'thumba la mazira

Mayi amene wapezeka ndi khansa ya m'thumba la mazira amayezedwa magazi pafupipafupi pofuna kuona kuchuluka kwa puloteni yotchedwa CA-125, imene Robert Bast ndi anzake anaitulukira mu 1981. Mlingo wosapitirira 35 U/mL (mayunitsi 35 pa mililita imodzi ya magazi) ndiwo umatengedwa kuti uli bwino, koma nambala imodzi payokha siulula zambiri. Chofunika ndi kuona ngati ikutsika kapena kukwera.

Pemphani kuti muyezedwe musanachitidwe opaleshoni kapena kuyamba mankhwala, chifukwa zotsatira zina zonse zidzayerekezedwa ndi nambala yoyambayo. Ilembeni m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake, ndipo ngati n'kotheka muziyezetsa kulabotale imodzi, popeza makina osiyana sapereka nambala zofanana ndendende.

Mankhwala a carboplatin ndi paclitaxel nthawi zambiri amaperekedwa mu diripu pakatha masabata atatu alionse, maulendo 6, ndipo magazi amatengedwa diripu isanaikidwe. Nambala ikatsika mofulumira n'kufika pansi pa 35 pofika ulendo wachitatu, ndi chizindikiro chakuti chotupacho chikumva mankhwala, ndipo amayi otere kawirikawiri amakhala nthawi yaitali matenda asanabwerere. Komabe tsogolo la wodwala limadalira kwambiri pamene khansayo yafika ndiponso kukula kwa chotupa chimene chinatsala pambuyo pa opaleshoni.

Nambala ikakwera, musafulumire kutaya mtima. Msambo, kukhala ndi pakati, zotupa za m'chiberekero, matenda a chiwindi, ngakhale opaleshoni yeniyeniyo zimaikweza, ndipo TB ya m'mimba, imene kuno kwathu si yachilendo, imadzaza mimba madzi n'kukweza CA-125 mofanana ndi khansa. Palinso mitundu ina ya khansayi imene siikweza CA-125 konse, ndipo kwa atsikana madokotala amayezanso zinthu zina za m'magazi zotchedwa AFP, hCG ndi LDH.

Mukamaliza mankhwala, madokotala amakayikira kuti matenda abwerera nambala imene inatsika pansi pa 35 ikafika pa 70 kapena kupitirira, n'kupezekanso choncho poyeza kachiwiri patatha sabata. Kafukufuku amene Gordon Rustin ndi anzake anafalitsa mu 2010 anapeza kuti kuyambiranso mankhwala chifukwa cha nambala yokha, zizindikiro zisanaoneke, sikunatalikitse moyo wa odwala. Choncho kambiranani ndi dokotala za kuyezedwa kumeneku, ndipo mukaona mimba ikutupa, mukukhuta msanga kapena mukumva ululu m'chinena, pitani kuchipatala osadikira tsiku limene anakupatsani.