Kapitawo, dziwani mtima wanu nyengo ya fodya

Kuno ku Kasungu, mkwiyo wa akapitawo umachuluka mu Epulo ndi Meyi, mabelo akamakonzedwa kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Ine ndimayang'anira osankha fodya m'shedi, ndipo akapitawo anzanga ndimawauza izi.

Yambani ndi thupi lanu. Mukamva kukhosi kukuuma, mawu akukwera, tulukani panja, mumwe madzi, mubwerere mtima utatsika.

Wina akasakaniza magiredi, musamudzudzule pagulu. Muitanireni pambali, mufunse kuti, "Amayi, kunyumba kuli bwanji?" ndipo mudikire yankho lonse osamudula mawu. Nthawi zambiri mupeza kuti mwana wagona ndi malungo, kapena ufa watha ndipo wabwera osadya kanthu. Mukamva zimenezo mpamene mungaone chochita: kumuonetsanso kasankhidwe ka masamba, kapena kumulola apite ndi mwanayo kuchipatala. Inde, masamba osakanizika angabwezetse belo ku msika, ndipo zimenezo zimandipweteka ine ndemwe. Koma munthu amene akugwira ntchito mwamantha amalakwitsa koposa.

Malipiro akachedwa, musabisale mu ofesi. Auzeni anthu m'mawa momwemo, muwatchulire tsiku limene bwana wanena.