Kuwedza bass ndi nyongolotsi ya pulasitiki: nyambo ichedwe pansi

Bass ndi nsomba yochokera ku North America, koma inakhazikika m'madamu ambiri kuno kummwera kwa Africa, monga Lake Manyame ku Zimbabwe ndi Albert Falls ku South Africa. Siikonda kuthamangitsa chakudya patali. Imabisala pa chitsa chomira, pamwala kapena m'mphepete mwa udzu, kudikira kuti chakudya chiyandikire. Asodzi ambiri amabwerera chimanjamanja chifukwa amachotsa nyambo pamalo nsomba isanaganize zoidya.

Tengani nyongolotsi ya pulasitiki ya masentimita 15, mbedza ya saizi 3/0 yokhota pakhosi, kamtovu kosongoka ka magalamu 4 mpaka 7, ndi chingwe cha fluorocarbon (mtundu wa chingwe chosaoneka bwino m'madzi) chopirira makilogalamu 5 kapena 6. Lowetsani kamtovu pachingwe, nsonga itayang'ana kundodo, kenako mangani mbedza. Bayani mutu wa nyongolotsi pang'ono, tulutsani mbedza m'mbali, itembenuzeni, ndipo nsonga yake muibise m'thupi la nyamboyo kuti isakole m'zitsa. Mamangidwe amenewa amatchedwa Texas rig. Nyongolotsi iwongoke bwino. Ikapindika imazungulira m'madzi n'kupota chingwe, ndipo nsomba siikhudza.

Ponyani mopitirira chitsa ndi mita imodzi kapena iwiri kuti phokoso la kugwa lisaopseze nsomba. Nyambo ikamamira, chingwe chikhale chokhwepa pang'ono, chifukwa chikakungika nyamboyo imabwerera kwa inu m'malo motsika pomwe pali nsomba. Maso asachoke pamalo pomwe chingwe chalowera m'madzi. Bass zambiri zimadya nyambo ikutsika, ndipo dzanja silimva kanthu. Mumangoona chingwe chadumpha pang'ono, kapena chayamba kuyenda cham'mbali, kapena chaima nyambo isanafike pansi.

Ikafika pansi, isiyeni masekondi 10 mpaka 20. Apa ndi povuta, chifukwa manja amafuna kupukusa. Kenako kwezani ndodo pang'onopang'ono kuti nyambo ikwawe masentimita ngati 30, tsitsani ndodo, kulungani chingwe chokhwepacho, n'kudikiranso. Nyambo iziyenda ndi ndodo; reel, chopukusira chingwe cha pandodo, ntchito yake n'kungotola chingwe. Kamtovu kakagunda nthambi, musatsomphole. Kakwezeni mofatsa, kadutse, kagwere tsidya linalo, chifukwa nsomba nthawi zambiri imakhala pamenepo. Mu Juni ndi Julaye, madzi akazizira, bass imachita ulesi, ndiye kudikira kufike theka la mphindi ndipo kamtovu kakhale kopepuka.

Bass imayasamula n'kuyamwa nyambo pamodzi ndi madzi. Mumamva kugunda kamodzi, kapena chingwe chimangolemera ngati chakola udzu. Tsitsani ndodo, kulungani mpaka chingwe chikungike, ndipo kokani mwamphamvu m'mwamba kuti mbedza iboole pulasitiki n'kulowa m'kamwa. Kukoka chingwe chili chokhwepa n'kutaya nsomba. Komanso musadikire kupitirira masekondi awiri kapena atatu, chifukwa nsomba imameza mbedza mpaka kukhosi, ndipo ngati mumafuna kuibwezera m'madzi mwaivulaza kale.

Kukakhala mphepo, chingwe chimapindika pamwamba pa madzi ndipo simumva kuti nyambo yafika pansi. Onjezani mtovu mpaka magalamu 10 ndipo ndodo ikhale chapansi. Mukamaliza kulimbana ndi nsomba m'zitsa, yendetsani zala pa theka la mita lomaliza la chingwe. Pakakhala pokhakhala, dulani mumangenso.