Momwe mayi woyembekezera angadziyezere mawere ali pakhomo

Muno mu Zimbabwe, khansa ya m'mawere ndi yachiwiri pa khansa zogwira amayi ambiri, ndipo yoyamba ndi ya khomo la chiberekero. Pa amayi oyembekezera pafupifupi 3,000, mmodzi amapezeka nayo, koma imachedwa kudziwika chifukwa pathupi pamakulitsa mawere, kuwalemeretsa ndi kudetsa nsonga zake, mwakuti chotupa chimangotengedwa ngati mkaka.

Poti msambo waima, sankhani tsiku limodzi pamwezi, monga tsiku loyamba, ndipo muziyeza mukangomaliza kusamba m'thupi. Imani pagalasi manja ali m'chiuno, kenaka muwakweze m'mwamba. Yang'anani ngati khungu lanyololoka penapake, lafiira, kapena lakhakhala ngati khungu la lalanje, komanso ngati nsonga ina yalowa mkati pamene kale inali yotuluka.

Gawo lofunika kudekha ndi lofufuza ndi zala, kuyambira bere lakumanja. Gonani chagada, ikani pilo pansi pa phewa lakumanja ndi dzanja lakumanja kunkhongo, ndipo mugwiritse ntchito zala zitatu zapakati za dzanja lamanzere, zitagona osati zitaima. Sindikizani pang'ono, kenaka mwamphamvu, mukuyenda mizere kuchokera pafupa la m'munsi mwa khosi kutsikira pansi pa bere mpaka m'khwapa. Mimba ikakula, kugona chagada nthawi yaitali kumachititsa chizungulire, choncho tsamirani pamapilo awiri. Musatsine bere pakati pa zala, pakuti bere la mayi wapakati likatsinidwa limamveka ngati lili ndi zotupa paliponse.

Pagawo limeneli ine ndinapeza kachotupa kolimba pafupi ndi kukhwapa. Azakhali anga ku Mufakose anandiuza kuti ndi mkaka wongokonzekera mwana, ndipo pachipatala china ananditsimikizira zomwezo osandigwira n'komwe. Nditaumirira anandijambula, n'kupeza kuti si khansa, koma yankholo linachokera kumakina osati pongoyang'ana. Chotupa chimene chakhala milungu iwiri osachoka chiyenera kuonedwa, ngakhale chisapweteke. Sikani ya ultrasound, imene imajambula za mkati mwa thupi, siivulaza mwana m'mimba. M'zipatala zolipira za m'tauni mtengo wake umasiyana ndipo amatchula m'madola a ku America, choncho funsani malo angapo, koma yambirani kusikelo ya kiliniki ya khonsolo, monga Edith Opperman ku Mbare, kumene azamba angakulembereni kalata yopitira kuchipatala chachikulu cha Sally Mugabe kapena cha Parirenyatwa. Musataye ndalama kwa anthu ogulitsa mafuta ndi zitsamba pa WhatsApp kapena m'misika ponena kuti zimasungunula zotupa, chifukwa zimangochedwetsa chithandizo ndipo zina zingavulaze mwana.

Mukamaliza kufufuza bere lakumanja, chitani chimodzimodzi kubere lamanzere. Timadzi tachikasu totuluka m'miyezi yomaliza ndi mkaka woyamba, koma magazi otuluka m'bere limodzi mukawanene kwa azamba msanga, osadikira tsiku la sikelo.