Kupatula thumba la amasiye pokolola

Ine ndimapatula tsiku lomwelo lotonola, chimanga chisanalowe m'nyumba. Mukanena kuti muone kaye zotsala, sipatsala kanthu, fizi ndi feteleza zimatha zonse. Pa matumba 10 a makilogalamu 50, limodzi ndimalisoka padera n'kulilemba mtanda ndi khala.

Musatenge chofumbwa chija mumati n'cha nkhuku. Pa Levitiko 19:9-10 Mulungu anauza Aisraeli kuti asakolole mpaka m'mphepete mwa munda, asiyire osauka ndi alendo. Tapani mulu womwewo umene ana anu adzadye.

Musapereke mu Meyi. Nthawi imeneyo maungu ndi mbatata zili mbwee. Njala imaluma mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chitakwera mtengo. Choncho thirani mankhwala a anankafumbwe, thumbalo likhale pathandala, osati pansi. Chaka china ndinachita ulesi, pomasula ndinapeza fumbi lokhalokha lonunkha. Ndinakagula china pamsika, mtima ukuwawa.

Funsani amayi a Mvano kapena a mumphakati, iwo amadziwa khomo limene utsi sukufuka. Kagayitseni nokha, chifukwa agogo olera zidzukulu ndalama ya kuchigayo aitenga kuti? Pitani chakumadzulo, ufa uli m'ndowa yophimba ndi chitenje. Khalani pamkeka, afunseni za miyendo yawo, muchezeko. Foni isatuluke m'thumba. Zojambula za pa Facebook zija Mateyu 6:3 anaziletsa kale.

Kwathu mu Febuluwale nsima imachepa ndithu, ana amaliyang'ana thumba lamtandalo. N'chifukwa chake ndimawauza kuyambira mu Meyi kuti si lathu, ndipo ndowa ija amasenza ndi iwowo.