Makhadi opanga wekha ndi makungwa a nthochi, zidutswa za kwa telala ndi guluu wa chinangwa

October akamayandikira kuno kuchigwa timaganiza zinthu ziwiri basi, kutentha ndi tsiku la anakubala pa 15. Chitenje timagula inde, shuga ndi sopo timanyamula, koma ine chomwe ndinaona nchakuti chitenje chija mayi anga amavala mpaka chimatha, pomwe kakhadi komwe mdzukulu wawo anawapangira zaka zitatu zapitazo kakadali m'Baibulo mwawo mpaka lero, ndipo akabwera alendo amakatulutsa. Nde ndati ndikuuzeni mmene timapangira makhadiwa pakhomo pathu pano pa Nchalo osakwera minibasi kukasaka zipangizo ku Blantyre, poti zambiri zili mbwee pabwalo pomwepa, timangosesa nkukataya kudzala.

Yambani ndi pepala lolimba. Kalendala ya chaka chatha ija kuseri kwake nkoyera, chikuto cha kope lakutha, bokosi la sopo kapena la masamba a tiyi, zonsezi zimagwira. Ngati muli ndi kangachepe gulani manila. Pepala la A4 ndi masentimita 21 kwa 29.7, mukalidula pakati mumapeza makhadi awiri, chidutswa chilichonse nkuchipinda pakatinso. Musangopinda ndi manja chabe, limasweka moipa pamzerepo. Ikani rula, tengani bolopeni yomwe inatha inki mudutsitse mokanikiza pang'ono, kenako pindani, muona lokha likugona bwinobwino.

Guluu ndiye pagona nkhani. Wogula uja woyera wa matabwa ndi wabwino koma ndalama yake si ya aliyense, ife timaphika wathu. Supuni imodzi yodzadza ya ufa wa chinangwa wosefa, thirani mu theka la kapu ya madzi ozizira, takasani mpaka mibulu ithe, kenako ikani pamoto wochepa mukutakasabe osasiya. Poyamba amaoneka ngati mkaka, pakapita mphindi zochepa amayamba kuwala nkumatamuka pa supuni, pamenepo phulani, kamchere pang'ono, azizire. Fulawa wa mandasi nayenso amatheka ngati chinangwa chasowa. Koma chonde phikani wongokwana tsiku limenelo, ndi dzuwa lathu lino lomwe limapitirira madigiri 40 guluu ameneyu akagona mawa lake wasasa ndipo fungo lake limatsalira pakhadi. Popaka muzipaka mopyapyala ndi chala kapena nthenga ya nkhuku, anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amaganiza kuti kuchulutsa nde kumata kwambiri pomwe kumangonyowetsa pepala nkulikwinyitsa.

Tsopano makungwa a nthochi, apa nditsalirapo pang'ono chifukwa nde chinthu chomwe ndimachikonda. Sindikunena makoko a nthochi yakudya ayi, ndikunena aja ouma amalendewera pathunthu, omwe ena amamangira mitolo ya ndiwo. Mukapita kudimba mphepete mwa Shire kasendeni aja auma okha pamtengo, osati obiriwira. Mukawayang'anitsitsa mupeza kuti si mtundu umodzi, pali oyererako ngati mchenga, pali ofiirira, pali akuda bii aja akumunsi kwa thunthu, ena amathothomathotho ngati nkhanga. Mitundu imeneyi nde penti wanu, simufunikanso kugula wina. Anyikeni m'beseni kwa kanthawi kochepa afewe, ang'ambeni pakati, nde ndi supuni palani zamkati zofewa zija mpaka patsale kakhungu kakunja kopyapyala kosalala. Kayaleni pansi pa bolodi kapena pansi pa mphasa pomwe pamakhala anthu, mawa lake mukapeza kawongoka ngati pepala, sizasi imangodutsa.

Zojambula musavutike nazo kukopera za pafoni, maluwa a maiko a eni omwe sitinawaonepo. Yang'anani panja. Bwato ndi mwini wake ataima kumbuyo ndi nkhafi, kachidutswa kakuda kamodzi kopindika nde bwatolo, kamzere kowonda nde munthuyo, timizere titatu toyererako pansi nde madzi, basi khadi yatha. Mlambe ndi wosavuta kuposa zonse, thunthu lonenepa ndi tinthambi tating'ono pamwamba. Mayi atasenza ndowa mwana ali kumbuyo, apa nde pamalowa zidutswa za kwa telala, kachidutswa ka chitenje kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu kamakwana kumuveka mayiyo. Matelala a pamsika zidutswazi amangozisesa, mukapempha mwaulemu amakupatsani jumbo lonse, ine ndimawapititsira khadi imodzi pa Khirisimasi kuthokoza. Njovu za ku Majete, mvuu za ku Elephant Marsh, ng'ombe za ku Ngabu, zonsezi zimatuluka bwino ndi makungwa akuda aja. Mitambo kapena nkhosa za khadi ya Khirisimasi ndi thonje lenileni lotsalira m'munda, kangotsinani pang'ono.

Jambulani kaye ndi pensulo kuseri kwa khungwalo musanadule, ndipo yalani zidutswa zonse pakhadi muone mmene zikhalire musanapake guluu, chifukwa mukamata mwamata. Ana aang'ono apatseni sizasi ndi ntchito yopaka, lezala ikhale ya akulu okha.

Mukamata musayanike padzuwa. Ine ulendo woyamba ndinapanga makhadi 12 a ana a Sande sukulu, ndinawayala pakhonde masana kuti aume msanga, pobwera ndinapeza onse apindika ngati nsomba zowamba, makungwa atatukuka m'mbali, ndinamva kuwawa chifukwa ana anali atawadikirira sabata yonse. Kuyambira pamenepo ndimaika khadi pakati pa mapepala awiri oyera, pamwamba buku, pamwamba pa bukulo njerwa ziwiri, m'nyumba pamthunzi, usiku umodzi. Nyuzipepala isakhudze khadi mwachindunji, inki yake imadetsa.

Mkati mwake ngati munagwiritsa ntchito bokosi lomwe lili ndi zolemba, matani kapepala koyera ka m'kope kubisa zolembazo, guluu wake pamzere wopinda pokha osati ponseponse. Mawu lembani anu. Ndimaona anthu akukopera ndakatulo za Chingerezi zomwe agogo sangamve nkomwe, pomwe akanangolemba kuti "Amayi, zikomo pondilera, Mulungu akusungeni" zikanawafika pamtima. Ngati kwanu mumayankhula Chisena lembani "takhuta", agogo a ku Nsanje akawerenga liwu limenelo nkhope imasintha. Mwana yemwe sanayambe kulemba adinde chala chake, kaya ndi inki ya bolopeni kaya ndi mwaye wa pampoto.

Emvulopu ndi yosavuta, tengani yakale imodzi muimatule mosamala, muigoneke pa tsamba la kalendala kapena pa pepala la khaki, jambulani mozungulira, dulani, pindani momwe inalili ija.

Guluu akatsala musataye, pali tina tomwe timapanga tsiku lomwelo. Chitini cha mkaka kapena cha nsomba chotsuka bwino, phwanyani m'mphepete mokuthwa muja ndi mwala musanapatse mwana, kenako chikulungeni ndi chitenje kapena muzungulize mlaza wong'amba mopyapyala kuyambira pansi mpaka pamwamba, chimasanduka choikamo mapensulo kapena masupuni. Chigoba cha dambe nachonso, m'malo mochiswa ndi mwala monga timachitira pofuna kudya, chidulireni kumutu ndi sowo, kokolani zamkati mupangire juwisi wanu, kunjako palani ubweya uja ndi mchenga wonyowa. Samalani umayabwa kwambiri, makamaka thukuta likamatuluka, ndipo usalowe m'maso. Chikasalala pakani timafuta pang'ono chimawala bwino, boolani mabowo awiri mumangirire chingwe, mwapeza chopachika kukhoma choikamo machesi, singano kapena makiyi.

Mikanda ya mapepala nde atsikana amaikonda zedi. Masamba amitundumitundu a kalendala aduleni timizere tatitali, kuno kotambalala ngati sentimita imodzi uko kosongoka, kulungani pa sipoko ya njinga kuyambira kotambalalako, kadontho ka guluu kumapeto, vulani. Ikauma pakani vanishi kapena kyutekisi wosaoneka mtundu, apo ayi thukuta la kuno tsiku limodzi lokha yafewa. Sipoko yothyoka mukaipeza kwa okonza njinga aliyense pamsika, sakulipiritsani.

Chomaliza ndi kasungidwe, poti guluu wa ufa ndi chakudya kwa mphemvu ndi nyerere, zikamva fungo zimabwera usiku nkudya nkhope yonse ya khadi. Makhadi akauma aikeni mu jumbo, mangani, ndipo jumboyo ilowe mu ndowa kapena chigubu chotseka bwino. Amene muli kumadera kosefukira madzi, Makhanga, Bangula ndi kwina konse kumunsiku, mukudziwa kale za January mpaka March, ndowayo isakhale pansi, ipachikeni kudenga limodzi ndi mapepala a sukulu ndi makhadi a kusikelo. Makungwa a nthochi nawo sonkhanitsani panopa kukadali kouma, mvula ikangoyamba amachita nkhungu pamtengo pomwepo ndipo a Khirisimasi mudzasowa chopangira.