Kuika macOS pa laputopu wamba: mmene ndimachitira kuno ku Mangochi

Anthu angapo akhala akundifunsa akaona ThinkPad yanga ikuyaka ndi ka apozi kaja, ena mpaka kuitembenuza kuti aone ngati ndamata stika. Ndi Lenovo T480 ya kaunjika yomweyi, koma mkati muli macOS, pulogalamu yoyendetsa makompyuta a Apple m'malo mwa Windows, zimenezi amazitcha Hackintosh. Ine ndimajambula maukwati kunyanjaku kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay nde ndinkafuna Final Cut Pro, pulogalamu ya Apple yokonzera mavidiyo, koma ndalama ya MacBook ndinalibe. Ndinene poyera pomwe pano kuti malamulo a Apple salola kuika macOS pa kompyuta yomwe sanapange iwowo, kampani ya Psystar inkagulitsa makina otere ku America inaluza mlandu mu 2009. Choncho zichiteni pa makina anuanu pophunzira, osatsegula nazo shopu pamsika.

Zimatheka chifukwa mu 2006 Apple inayamba kuika ma processor a Intel mma Mac ake, mkati mwake nkufanana ndi ma PC athuwa. Mu 2020 anayamba kupanga chip chawochawo cha M1, ndipo macOS Tahoe ya 2025 ndi yomaliza kuyenda pa Intel. Ntchitoyi ikupita kumapeto ndithu, koma macOS Ventura kapena Sonoma pa laputopu yoyenera ikugwirabe ntchito bwinobwino.

Musanagwire fulashi yoikira macOS dziwani kaye zomwe zili mkati mwa kompyuta yanu, apa mpamene pagona nkhani yonse. Tsegulani Device Manager mu Windows, tengani kope ndi cholembera mulembe processor ndi generation yake, graphics, khadi ya wifi, ya ethernet, chip cha sound, mtundu wa SSD. Ma Intel a 8th mpaka 10th generation ndi amene savuta. Laputopu ya 11th generation kupita mtsogolo, za Iris Xe zija, isiyeni, graphics yake macOS siidziwa ndipo palibe chomwe mungachite. Ventura imafuna processor ya 4th generation kapena yatsopano kuposa apo. Ma Nvidia a GTX 10 anathera pa macOS yakale ya High Sierra, a RTX sanayendepo nkomwe, nde ngati laputopu yanu ili ndi ma graphics awiri mubisa Nvidia kwa macOS polemba -wegnoegpu mu boot-args, mzere wa malamulo omwe macOS imawerenga poyaka, nkutsala ndi ya Intel. Kuno zimenezi sizosewera nazo, Nvidia ikangobisidwa chonchi osazimitsidwa ndi ka fayilo ka SSDT imadyabe batire mwakachetechete kwinaku ikutentha, ndi kutentha kwa Okutobala kwa Mangochi kuja laputopu simungaiike pamiyendo. SSD ya Samsung PM981 nayonso imavuta kwambiri, mukaipeza mkatimo ingosinthani.

Chachiwiri, ndipo apa ndikupemphani achimwene, musatenge EFI ya munthu wina. EFI ndi foda yomwe mumakhala OpenCore, ka pulogalamu kamene kamayamba kuyaka nkuuza macOS kuti makinawa ndi Mac. Ine ulendo woyamba mnzanga ananditumizira yake pa WhatsApp akuti T480 ndi T480 basi, ndinakhala masiku atatu ndikuyang'ana zilembo zoyera zitaima malo amodzi pa sikirini yakuda, osadziwa pogwira chifukwa sindinkadziwa chilichonse chomwe chinali mufodamo. Nditayamba ndekha kutsatira malangizo a OpenCore a pa webusaiti ya Dortania tsamba ndi tsamba zinanditengera Loweruka lonse, koma ikaima ndinkadziwa kuti ndagwira pati. Ma T480 omwewa ena ali ndi Nvidia ena alibe, ena sikirini ya touch, dzina pachivindikiro silikuuzani zonse.

Mu EFI mumaikamo ma kext, ndiwo ma driver a macOS. Lilu akhale woyamba pamndandanda chifukwa ena ambiri amadalira iyeyo, kenako VirtualSMC, popanda ameneyu macOS siyaka. WhateverGreen ndi wa graphics, AppleALC wa sound, IntelMausi wa ethernet ya Intel, VoodooPS2 wa kiyibodi. Wifi ya Intel imayenda ndi itlwm pamodzi ndi ka app ka HeliPort, kapena AirportItlwm yogwirizana ndi macOS yomwe mukuikayo. Palinso ma SSDT, timafayilo tothandiza macOS kumvana ndi zida za mu laputopu, monga SSDT-EC ndi SSDT-PNLF yomwe imachititsa kuti kuwala kwa sikirini kuzitheka kusintha. Fayilo ya config.plist, momwe mumakhala ma setting a OpenCore, muitsegule ndi ka pulogalamu ka ProperTree, mupange OC Clean Snapshot kuti zonse zomwe mwaika mufoda zilembedwemo, kenako mutsate tsamba la Dortania la generation yanu mzere ndi mzere osadumpha ngakhale mutatopa. Mu boot-args ikanimo -v kuti muziona zilembo zikuyenda, ikaima jambulani sikirini ndi foni, mizere yomalizayo ndi imene imakuuzani vuto. Serial number ya Mac pangani yanu ndi ka pulogalamu ka GenSMBIOS, ndipo Apple ID yanu yeniyeni musathamangire kulowa nayo zonse zisanakhazikike.

Tsopano za bandulo ndi magetsi, zimene azungu olemba malangizowa saziganizira nkomwe. Mukapangira fulashi pa Windows, macrecovery.py, yomwe imabwera ndi OpenCore, imangokopa ka recovery, koyambitsira installation, kosafika 1GB, mumakaika mufoda ya com.apple.recovery.boot pa fulashi ya FAT32 pambali pa EFI yanu. Koma macOS yeniyeniyo, pafupifupi 12GB, imakopedwa mkati mwa installation, nde intaneti ikadukira panjira mumayambiranso ndipo bandulo yapita. Hotspot ya Android ya pa USB siioneka mu recovery, njira yosavuta ndi rauta yokhala ndi waya wa ethernet. Ngati mukudziwa wina yemwe ali ndi Mac, bola mukope installer yathunthu kamodzi nkupanga fulashi ya 32GB pa Mac yomweyo ndi command ya createinstallmedia, mukatero mutha kubwereza kangati konse osagulanso data. Ine magetsi anandizimira cha mma 9 usiku ili pakati, batire ya kaunjika yosasunga moto, sikirini inangoti phi ndipo mmawa ndinayambira pachiyambi. Pano ndimayamba batire itadzaza ndipo ka inverter ka sola kali pafupi.

Mu BIOS, menyu ya ma setting yomwe mumalowa kompyuta ikungoyaka, zimitsani Secure Boot, Fast Boot ndi CSM, SATA ikhale pa AHCI. Zonse zofunika, zithunzi, mavidiyo a makasitomala, zikopereni kwina kaye chifukwa disiki ifufutidwa yonse, bola nkugula SSD ina yapadera Windows yanu nkuisiya osaikhudza. Yatsani kompyuta kuchokera pa fulashi, mu Disk Utility sankhani Show All Devices, fufutani disiki ngati APFS ndi GUID Partition Map, nkuyamba install. Izizima nkuyakanso yokha kangapo, nthawi iliyonse sankhani macOS Installer pa menyu ya OpenCore mpaka dzina la disiki yanu litaoneka. Pena imalemba kuti yatsala miniti imodzi nkukhala pomwepo theka la ola, isiyeni, pitani mukamwe tiyi.

Mukafika pa desktop musazule fulashi, kompyuta ikuyakirabe pa iyo. Tsegulani EFI partition ya SSD ndi MountEFI nkukoperamo foda yanu ija. Sound ikapanda kutuluka sinthani nambala ya alcid mu boot-args, muziyesa imodzi imodzi pa zomwe AppleALC yalemba za chip chanu mpaka ma sipika ndi ma headphone onse alankhule. Ma USB muwapangire map ndi USBToolBox, makamaka mukadali mu Windows musanayambe install, chifukwa macOS imangowerenga ma port 15 pa controller iliyonse, ndipo kamera kapena Bluetooth zimasowa chifukwa cha zimenezi, sleep nayonso imasokonekera.

Ma update musamangodina. Yambani mwasintha OpenCore ndi ma kext pa fulashi, muyese ngati ikuyaka, kenako ndiye mukhudze ya pa SSD, ndipo sabata yomwe muli ndi ntchito ya kasitomala osagwira chilichonse. Fulashi yanga yoyamba ija ndinaimata tepi yofiira, imakhala mthumba la kamera limodzi ndi ma memory card, ndipo yandidzutsirapo makina kawiri, ulendo wina ndili ku Makawa vidiyo ya chinkhoswe ikufunika mmawa mwake.